Mphepo Yanga ndi Udzu wa a Whiteson

Lolemba, 4 Ogasiti
Sabata yachitatu kwa amalume a Manase ku Zemba. Netiweki pachulu pokha. Chaputala chachinayi cha kafukufuku wanga chaima njii. Amalume akuimitsa aliyense wodutsa pa njinga: "Uyu ndi Philomena, amayeza mphepo ndi setilaiti." Ndawafotokozera kachitatu. Setilaiti imazungulira makilomita 400 kumwamba, kampweya kochepa kali kumeneko kamaikankha cham'mbali, kachipangizo ka m'kati kamamva, ine nkuwerengetsera. Basi. Anagwedeza mutu ngati amva. Sanamve. Zaka zisanu ku Lusaka, mapeto ake ndine chionetsero cha pakhomo.

Lachitatu, 6 Ogasiti
Ndili pachulu, laputopu pamaondo. Amalume kukuwa ali kumunda: madzulo ano mphepo ilowera kuti? Ine maso pa manambala: "Kum'mawa, mamita 120 pa sekondi." Iwo: "Zikomo adokotala." Sindinafunse chifukwa. Munthu wa digiri yathunthu.

Lachinayi, 7 Ogasiti
Kani amafuna kutentha mitengo ya thonje yomwe anazula. Kum'mawa kwa munda kuli msewu, moto ukanafera pomwepo. Kumadzulo kuli mitolo 40 ya udzu wofolerera wa a Whiteson, oyandikana nawo munda. Kunali. Mphepo ya pansi, yosapita kusukulu, inalowera kumadzulo monga ichitira Ogasiti aliyense chilengedwere dziko. Tinazimitsa ndi nthambi. Palibe wavulala kupatula nsidze zanga. Yatsala mitolo itatu.
Ndabwerezanso masamu. Sindinalakwe. Kumwambako inkapitadi kum'mawa. Ndikadandaule kwa yani?

Loweruka, 9 Ogasiti
A Kristina, akazi a a Whiteson, anabwera kudzaona phulusa. Denga lakale adasasula kale, akugona moonera nyenyezi. Sanakalipe. Anangoti, "Tinamweta mwezi wathunthu, mwanangu." Bola akanandinyoza. Chakudya sichinalowe.

Lamulungu, 10 Ogasiti
Nkhani ku mphakati wa tchalitchi titatha mapemphero. Amalume, munthu wotentha thonje zaka makumi atatu pongowaza kafumbi m'mwamba, anaimirira nati, "Ine ndinatsata sayansi." A Whiteson anafunsa ngati setilaitiyo ili ndi mwini wake woti abwere adzamwete. Ndinayamba za makilomita 400. Akatekisiti: "Ndiye mphepo yanuyo imaulutsa mankhusu a yani?" Ndinati a munthu aliyense ayi. "Imaumitsa zovala za yani?" Ndinakhala pansi.
Chigamulo: mitolo 37, amalume ndi ine, mvula isanagwe. Setilaiti yapezeka yosalakwa.

Lachisanu, 15 Ogasiti
Udzu wapafupi osaka mbewa adatentha kale. Tikumweta kudambo, ola ndi theka pa njinga. Ndati "tikumweta" mwaulemu chabe. Msana wa amalume umadwala chikwakwa chikangotuluka m'thumba, umachira pobwerera. Mitolo 14, matuza 9. A pulofesa alemba kufunsa ntchito ili pati. Ndayankha kuti ndili kumidzi ndikuona ndi maso zochita za mphepo. Bodza palibe.

Lachiwiri, 26 Ogasiti
Mtolo womaliza. A Kristina anaufinya, anati kamangidwe nka mwana wa m'tauni koma udzu ndi wabwino. Anandithirira nsawawa m'chitenje. Ndinatsala pang'ono kulira, chitsiru ine.
A Whiteson ali padenga. Ndikuti ndizipita, andiitana: mawa madzulo atentha thonje lawo, setilaiti ikuti bwanji? Ndinakana katatu. Anaumirira. Ndinati kum'mawa, koma kumwamba, kumwamba kwenikweni. Anatembenukira akazi awo: "Mwamva? Kumadzulo. Mbuzi zija muchotse kumeneko." Kenaka kwa ine: "Makina anu ndi abwino, mayi. Amangosowa womasulira."
Ena anayi andipempha kale za sabata yamawa.