Zithunzi za Anyagondwe ku New York

Okondedwa achimwene a Lusayo,

Pepani kuti ndikukuvutitsani, ndikudziwa kuti kumeneko mumatanganidwa. Monile nonse. Kuno ku Wovwe tili bwino, kupatula bondo langa lija.

Lamlungu titatuluka m'tchalitchi, apongozi anu Anyagondwe anatisonkhanitsa pansi pa mtengo wa mango n'kumationetsa zithunzi za ulendo wawo wa kwanuko ku New York pa foni. Tinaona chiboliboli cha mayi wonyamula muuni pakati pa madzi, mlatho wolendewera pa zingwe, ndi nyumba yaitali imene akuti ukakwera pamwamba, galimoto zimaoneka ngati nyerere. Paliponse inu muli pambali pawo, mutawanyamulira chikwama. Mayi wina anandifunsa kuti, "Nanga inu mlongo wawo weniweni, munapitako liti?" Ndinangoseka.

Sikuti ndikudandaula ayi. Koma amene ndinakuberekani kumsana amayi atamwalira ndine, ndipo munandiuza kuti chaka chino ndi ulendo wanga wobwera kumeneko. Chifukwa cha mawu amenewo sindinafese mpunga, pamene anzanga nazale zawo zamera kale. Munda wa mu sikimu yathu ya mpunga ukagona osalimidwa, akomiti amaupereka kwa wina.

Chonde ndiyankheni Khirisimasi isanafike: ndifese mpunga kapena ndisoketse diresi la ulendo? Mulungu akusungeni inu ndi alamu.

Ndine mlongo wanu,
Tumpale