Masewero Asanu Osagonja

Karangwuni,
16 Okutobala 2018.

Okondedwa achimwene Gunarso,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, kaya ikupezani liti. A ku ofesi imene inakulembani ntchito andiuza kuti sitima yanu idzaima pa doko la Busan mwezi wamawa, ndipo makalata onse amakadikira kumeneko. Ndiye mwina pamene muzidzawerenga, zonsezi zidzakhala zitasintha, titabwerera kumunsi kumene tinazolowera. Koma lero, pamene ndikulemba nditatsamira pa makina anga osokera, timu yathu ya mpira ya Tunas Wuni ili pamwamba pa ligi. Werenganinso. Sindinalakwitse ayi.

Tasewera kasanu. Tapambana kanayi, kamodzi tinafanana mphamvu. Timu yomweija, achimwene, imene inkatilizitsa tonse awiri tili pa mapewa a Bambo mosinthanasinthana. Tili ndi mphunzitsi watsopano, a Sudarmaji, munthu wofatsa amene amaima m'mbali mwa bwalo manja ali kumbuyo ngati akuyendera munda wa mpunga. Kutsogolo kuli Lukito, mwana wa mayi ogulitsa tofu, chakudya cha soya, pakhomo la msika aja. Munamusiya ali wowonda, panopa ndi chimunthu. Pagolo akadali Paiman, ndi mimba yake yomweyo, koma chaka chino mipira ikumukonda. Akagwa kumanja, mpira nawo ukupita kumanja.

Tawuni yonse ikuyenda pang'onopang'ono, ngati munthu wosenza madzi odzadza. Palibe akufuna kuyankhula mokweza za chikho. Kumsika anthu amangoyang'anana n'kumwetulira. A Karmin, anzawo a Bambo oyendetsa kabaza wa mawilo atatu aja, apenta kabaza wawo yense wobiriwira, koma ukawafunsa amati, "Utoto womwewu ndi umene unatsala kusitolo." Inenso sabata zino ndasoka mbendera makumi atatu. Nthawi zina phazi limaima lokha pa makina, ndimapezeka ndikuyang'ana pawindo, ndikuona mabasi khumi atandondozana pa msewu wa ku Surabaya, onse obiriwira, ife tikupita kukasewera mu ligi ya akuluakulu. M'basi yoyambayo mumakhala muli inu, mutatulutsa mutu pawindo. Kenaka kasitomala amatsokomola, ndimabwerera ku siketi yake.

Tsopano ndikuuzeni zimene ndinakubisirani m'makalata anga atatu apitawo. Bambo sakuona. Shuga anayamba ndi diso lamanzere mutangochoka, ndipo pofika mwezi wa Ramadani chaka chatha lamanja nalonso linatseka. Amasiyanitsa usana ndi mdima basi. Ndinkalemba kuti ali bwino chifukwa ndinkati, munthu ali pakati pa nyanja, achita nazo chiyani? Mundikhululukire.

Kubwalo anasiya kupita. Munthu amene anaimba ng'oma yaikulu kumipando ya kummawa zaka makumi atatu, anati safuna kuti anthu amuone akutsogoleredwa ngati mbuzi. Wailesi ya m'tawuni muno nayo inasiya kuulutsa masewero athu. Ndiye maso awo ndinali ine. Lamulungu lililonse ndinkapita kubwalo, pobwera ndinkawapeza pakhonde atavala kale malaya obiriwira a timu aja, khofi atazizira pambali.

"Zatha bwanji, Wening?"

Chaka chathacho chinali choipa kuposa zonse zimene mukuzikumbukira. Tinagonja kasanu ndi kawiri motsatizana. Ndikawauza, tsiku limenelo sankadya, mawa lakenso ankangotola mpunga pang'ono. Adokotala anali atandichenjeza kuti wodwala shuga asamadumphe chakudya. Lamulungu lina titagonja zinayi kwa duu, ndinafika pakhomo, ndinawaona atakweza nkhope kudikira, ndipo pakamwa panga panangotuluka mawu akuti, "Tapambana, Bambo. Chimodzi kwa duu."

Anadya mbale ziwiri. Kuyambira pamenepo ndinawapangira ligi yawoyawo. Ndinkawachinyira zigoli zokongola, achimwene, zamutu, zapatali, zina zochokera pakona. Sindinkapambanitsa timu sabata iliyonse, ndinkaigonjetsako apo ndi apo kuti zimveke zoona. Pofika kumapeto a ligi, m'nyumba mwathu Tunas Wuni inali pa nambala yachinayi, pamene kunja inali yachiwiri kuchokera pansi.

Zinaululikira kumzikiti, Lachisanu. Ndinali nditapempha a Karmin kuti asamayambitse za mpira, koma Bambo ndi amene anayambitsa okha pakhonde la mzikiti, pamaso pa amuna onse. Anati chaka chamawa tikangowonjezera wotchinga kumbuyo mmodzi, chikho ndi chathu. Wina anaseka, nati, "Inu a Wiryo, mukunena timu ya dziko liti? Ife tapulumuka ndi pointi imodzi."

Sanandikalipire. Ndikanakonda akanatero. Anangovula malaya obiriwira aja, kuwapinda okha, n'kundipatsa kuti ndiike m'kabati. Funso lija sanalifunsenso.

Ndiye taganizani mmene zinalili ligi ino itayamba. Tsiku loyamba tinapambana ziwiri kwa duu. Ndinathamanga kuchokera kubwalo mpaka kunyumba, nsapato zili m'manja.

"Bambo, tapambana."

"Chabwino, mwana wanga. Pali madzi akumwa?"

Sabata yachiwiri tinapambananso. Ndinawafotokozera chigoli cha Lukito, mmene anautsitsira pachifuwa n'kutembenuka. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Ukanakhala wolemba nkhani, Wening. Usavutike, ndikudya bwino masiku ano." A Karmin anabwera kudzalumbira kuti ndi zoona. Bambo anati, "Iwenso Karmin wakulemba ntchito? Akukulipira ndi tiyi?" Aliyense wobwera ndi nkhani yabwino ankamuona ngati ndamutuma ine. Tawuni yonse inali m'maloto, Bambo okha ndi amene anakana kulowamo, chifukwa cha ine.

Dzana, Lamulungu, tinali ndi masewero achisanu, ndi anyamata a kudoko aja. Titadya masana ndinatulutsa malaya m'kabati, ndinawaika pamiyendo pawo. Anawapapasa, anazindikira.

"Kodi izi ndi zachiyani?"

"A Karmin ali panja ndi kabaza. Ngati ndikunama, anthu zikwi zitatu sanganame onse."

"Ndinanena kale kuti sindifuna kukokedwa."

"Sindikukokani. Inu muzitsogola, njira mukuidziwa kuposa ine. Ine ndingogwira mkono."

A Karmin analiza belu panja, nafuula kuti, "Wiryo, fulumira. Ukudzikongoletsa ngati mkwati, akuone ndani?" Bambo anayankha kuti, "Bola ine sindidzaonanso nkhope yako," ndipo anayamba kumanga mabatani.

Tinakwera kabaza uja. Titadutsa fakitale ya shuga, Bambo anatembenuza mutu. Ng'oma zinali zikumveka kale kuseri kwa minda ya nzimbe. Pachipata anati, "Masitepe ndi khumi ndi anayi, lachisanu ndi chiwiri ndi losweka." Linali losweka ndithu. Anthu anawapatukira. Palibe anawamvera chisoni mokweza, ankangowagwira paphewa n'kutchula mayina awo kuti awadziwe. Tinakhala malo athu akale. Simenti inali yotentha, mpweya wodzaza utsi wa ndudu ndi fungo la mtedza wophika, phiri likuoneka mwachizimezime kuseri kwa golo la kumwera.

Mpira utangoyamba, Bambo anati, "Akuimba ng'oma yanga ndani? Akuchedwa." Kenaka, mphindi khumi zisanakwane, a kudoko anachinya. Paiman anagwa kumanja, mpira unapita kumanzere. Bwalo lonse linazizira. Ndinaganiza kuti ndawabweretsa kudzamva kugonja, ndipo sadzandikhulupiriranso mpaka kale. Koma nditawayang'ana, anali akumwetulira.

"Eya," anatero. "Iyi ndiye timu yanga."

Anayamba kufunsa. Mpira uli kuti? Wanyamula ndani? Ndinkawauza zenizeni, ngakhale zonyansa. Lukito ataphonya golo lili pululu, ndinanena kuti waphonya, ndipo Bambo anamutukwana bwinobwino monga kale, mpaka mayi wina kutsogolo anatembenuka. Chigawo chachiwiri anasiya kufunsa. Ankamvera anthu. Phokoso likamakwera, iwo ankayamba kudzuka ine ndisananene kanthu.

Chigoli chobweza chinabwera pakona, chosakongola, chogunda bondo la munthu. Chachiwiri chinabwera dzuwa litapendeka, mithunzi ya osewera itatalika mpaka pakati pa bwalo. Achimwene, sindidziwa ngati ndingachifotokoze. Lukito analandira mpira kutali, ndipo kwa ine zinaoneka ngati onse aima, iye yekha akuyenda, osafulumira. Mpira unakwera, unakhala m'mwamba nthawi yaitali kuposa mmene mpira umakhalira, kenaka ukonde unagwedezeka. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze, koma anandigwira dzanja mwamphamvu.

"Khala chete. Ndamva ndekha."

Anaimirira pakati pa phokoso lonselo, nkhope atalozetsa kumwamba, misozi ikutsika, osaipukuta.

Pobwerera a Karmin ankapalasa pang'onopang'ono chifukwa msewu unadzaza anthu ndi njinga zamoto. Kumadzulo kunali mitambo yoyamba ya mvula, ndipo kamphepo kankanunkhira dothi. Ndinkamva ngati kabazayo sakugunda pansi. Bambo anandifunsa mapointi, ndinawauza kuti khumi ndi atatu. Anawatchula kawiri, ngati akulawa. Kenaka, osatembenuka, anafunsa motsitsa mawu kuti a Karmin asamve.

"Nanga makalata a Gunarso amene umandiwerengera aja, ndi a ligi iti? Ya chaka chatha kapena ya chaka chino?"

Apa ndiye pali cholakwa changa chachikulu, chimene ndazungulira masamba onsewa ndisanachifike. Chichokereni zaka ziwiri zapitazo simunalembe, mukudziwa nokha. Koma Bambo alandira makalata anu asanu ndi limodzi. Ndinkatenga pepala la miyezo ya makasitomala, kulipinda ngati lachokera mu envulopu, n'kumawerenga za m'mutu. Munawauza za nyanja yozizira, za nyali zokopera nsomba, za mnzanu wophika wa ku Cilacap amene kulibe. Munkawafunsa ngati akumwa mankhwala. Ndinakubani mawu, achimwene, ndipo ndinawagwiritsa ntchito popanda chilolezo chanu.

Ndinayankha kuti, "Ya chaka chatha, Bambo."

Anagwedeza mutu. "Ndinadziwa pa kalata yachiwiri. Gunarso sangayambe ndi kufunsa za mankhwala. Akanayamba ndi kufunsa ngati Paiman akadali pagolo."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ankandikomera. Za mpira unandichititsa manyazi pa anthu. Izi zinali za m'nyumba." Titafika pa mlatho anati, "Koma usawerengenso ena. Tsopano ndikufuna yeniyeni, kapena ayi ndithu."

Ine sindinalipo m'mawa umene munanyamuka, ndinali nditapita kukagula ulusi. Ndinangopeza chikwama palibe, Bambo ali kuseri akuwaza nkhuni zimene zinali zowaza kale. Dzulo ndi pamene andiuza zimene anakuuzani pakhomo, kuti mukakwera sitimayo musadzawalembere, iwo alibe mwana wothawa kwawo. Zaka ziwiri zonsezi ndinkakukwiyirani mwakachetechete, osadziwa kuti munangomvera.

Sindikupempha kuti mubwere. Ndikudziwa kuti pangano lanu la ntchito likadalipo, ndipo sitima siima pamene munthu wafuna. Ndikupempha pepala limodzi lokha, ngakhale mizere itatu. Ine sindidzaliwerenga, chifukwa mawu anga pa nkhani imeneyi anatha ntchito. Adzawerenga ndi a Karmin, amene amagwira chilembo chimodzichimodzi ndi chala, moti sangathe kuwonjezera kanthu ngakhale atafuna. Ngati mukadali okwiya, lembani zokwiyazo. Bambo akuti alandira.

Lamulungu likubwerali tikupita kukasewera kumapiri, bwalo limene sitinapambaneko chibadwire changa. Mwina maloto athera kumeneko. Bambo akuti timu yathu ikayamba bwino imatopa mvula ikagwa, ndipo mvula ili pafupi. Komabe andiuza kuti ndiwasungire mpando m'basi ya ochemerera, pafupi ndi windo, kuti azimva mphepo.

A Karmin akupereka moni, akuti mukamabwera mudzawatengere chipewa cha ku Korea. Mayi ake a Lukito akupereka moni. Azakhali a ku Ngadirejo ali bwino, bondo lokha. Mtengo wa mango wa kuseri wabereka kwambiri chaka chino, nthambi ina yathyoka.

Bambo ali pompano pamene ndikumaliza. Ndawawerengera kalata yonseyi, osadumpha mzere, ndipo akuti chigoli chachiwiri ndachikometsa pang'ono. Ndawafunsa ngati ali ndi mawu. Asisita bondo, kenaka ayankha. Ndikulemba monga anenera, osasintha:

"Umuuze kuti chipinda chake sitinaikemo katundu. Umuuze kuti avale zovala zofunda. Umuuze kuti ndine bambo ake, ndipo ndinalakwa."

Mulungu akusungeni pamadzipo, achimwene.

Ine mlongo wanu,
Wening