Kunenepera Chinkhoswe: Nkhani ya Mayi Alfazema ku Komiti ya Tisamalane

GULU LA ODWALA SHUGA LA TISAMALANE, MBAYANI NDI CHIRIMBA
Zolembedwa za msonkhano wa komiti

Tsiku: Lachitatu, 13 Ogasiti 2025
Malo: Pakhonde la galaja ya Che Alidi, ku Mbayani
Nthawi: Uthenga unati 2 koloko masana, koma tinayamba 3 koloko itadutsa

OPEZEKA
Mayi Sellina Nakhumwa, wapampando
Bambo Eliot Namaona, mlembi
Bambo Yona Zuze, wosunga mashini oyezera shuga
Che Alidi Kaisi, membala
Mwanakombo Abiti Jafali, membala

WOITANIDWA
Mayi Jenifer Alfazema, membala wa gulu

OPEPESA
Che Fahim Mdala, ali pa ulendo wa ku Mwanza ndi lole

OSAPEPESA
Mayi Tasnim Ajusa, monga mwa chizolowezi chawo

1. KUTSEGULA

Mwezi uno linali gawo la abale athu achisilamu, choncho Che Alidi ndiwo anatsegula ndi pemphero. Wapampando analandira onse ndipo anati nkhani yaikulu ndi imodzi, tisaikokekoke.

2. ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WAPITA

Mlembi anawerenga. A Yona anadandaula ndi chiganizo chonena kuti iwo anawodzera pa nkhani ya mitsitsi ya azitsamba. Anati sanawodzere, amasinkhasinkha atatseka maso. Komiti inavomereza kuti mawuwo asinthidwe. Mlembi wasintha, koma mkonono anaumva ndi makutu ake.

3. ZAKUDYA ZA PA MISONKHANO

Che Alidi anafunsa ngati mtedza wokazinga ndi madzi a pampopi ndiye chakudya chathu mpaka imfa. Anati ngakhale pa maliro a munthu wosauka tiyi amapezeka. Wapampando anayankha kuti tiyi angabwere koma wopanda shuga. Che Alidi anati ngati zili choncho mtedza upitirire.

4. NKHANI YA MAYI JENIFER ALFAZEMA

4.1 Wapampando anakumbutsa komiti kuti gulu lonse lili ndi mashini amodzi oyezera shuga, ndipo timapepala take n'tochita kupempha kwa akufuna kwabwino. N'chifukwa chake lamulo lathu limati membala wodya dala zoletsedwa, atachenjezedwa kale, aimitsidwe kuyezetsa kuti timapepalato tipite kwa amene akuyesetsa. Anati Mayi Alfazema anachenjezedwa kale, ndipo lero aitanidwa kuti komiti igamule ngati aimitsidwe.

4.2 A Yona anapereka umboni. Anati Lolemba anawaona mayiwa pa chiwaya cha ku depoti ya Limbe ali ndi mbale ya chipisi yosefukira, mandasi pambali, ndi botolo la zotsekemera m'manja, akudya ngati wina akuwathamangitsa. Che Alidi anafunsa kuti nanga iwo a Yona pa chiwayapo amakatani. A Yona anati amafunsa njira. Mlembi walemba monga anamvera, ngakhale a Yona anabadwira ku Limbe komweko.

4.3 Wapampando anapereka mwayi kwa Mayi Alfazema. Iwo sanakane. Anati a Yona sanawonjezere, mwina achepetsa. Anapempha kuti awalole kufotokoza kuyambira pachiyambi, ndipo analoledwa.

4.4 Anati iwo amaphika ndi kugulitsa chakudya mu msika wa Limbe, ndipo amene amadya kwa iwo ndi madalaivala, makondakitala ndi anyamata oitanira minibasi. Chaka chatha atalowa m'gulu lino anatsatira zonse: ufa woyera anausiya n'kuyamba mgaiwa, tiyi wa shuga anamusiya, mafuta anachepetsa, mankhwala osadumphitsa. Anati shuga anatsika, maso anayamba kuona bwino, usiku anasiya kudzukadzuka. Mlembi akuchitira umboni kuti nthawi imeneyo komiti inawawombera m'manja, ndipo a Yona omwewa ndiwo ankawatchula ngati chitsanzo. Koma thupi linatsika kwambiri, mpaka masiketi onse anapita kwa telala kukachepetsa.

4.5 Anati mavuto anayambira pamenepo. Anyamata oitanira anayamba kufunsa moseka kuti, "Masteni, kodi thupi mwalisiya kuti? Kapena ndi aja?" Palibe anatchula dzina la matendawo, koma aliyense amadziwa kuti akunena edzi. Mayi wina wophika moyandikana nawo anayamba kunong'oneza anthu kuti aziona kaye manja amene akuwapakulira. Mabenchi awo anayamba kukhala opanda anthu nthawi ya nkhomaliro. Anati atanena kuti ndi shuga, anthu amayankha kuti onse amatero.

4.6 Anati zimenezo anapirira, chifukwa msika ndi msika. Chimene chinawathyola ndi nkhani ya mwana wawo Zione, amene anapeza mnyamata wa ku Chirimba. Azakhali a mnyamatayo anabwera kudzaona pakhomo, analandiridwa bwino, anadya, anatsanzika mwaulemu. Atafika kwawo anatumiza mawu kwa ankhoswe kuti, "Mayi ake a mtsikana tawaona. Kodi pakhomo paja pali bwinobwino?" Chinkhoswe chimene chinali cha mu Meyi chinaimitsidwa popanda chifukwa chomveka. Anati Zione sanawadzudzule ngakhale kamodzi, koma anasiya kudya, ndipo amamumva akulira kubafa atatsegula mpopi.

4.7 Anati pamenepo anaganiza zobweza thupi. Anabwerera ku ufa woyera, chipisi, tiyi wa mkaka wa shuga wambiri, ndipo mankhwala anayamba kumwa mwa apo ndi apo. Thupi linabwera. Makasitomala anabwerera. Azakhali aja atakumana nawo mu msika anawakumbatira n'kunena kuti Mulungu ndi wamkulu, mwachira. Chinkhoswe chaikidwa Loweruka likudzali, pa 16 Ogasiti. Anapempha kuti mawu otsatirawa alembedwe monga anawanenera: "Pamene ndinali bwino anthu amandilira maliro ndili moyo. Lero ndikudwala, aliyense akundiyamikira. Inu a komiti mundiuze, ndimvere ndani?"

4.8 Mlembi, amene ali ndi ana aakazi osakwatiwa, nkhaniyi inamupweteka mtima, ndipo sakuona chifukwa chobisira zimenezo m'zolembedwazi.

4.9 Che Alidi anati iwo sangaponye mwala. Anati dalaivala wa minibasi ngati iwo sasankha chakudya, amadya chimene chafika pa windo galimoto isanadzaze, ndipo palibe amayenda ndi mpiru wowiritsa pa siteji. Anatinso kunyumba kwawo akabwera alendo, akazi awo amabisa mgaiwa, chifukwa mlendo akaona nsima yoderako amakauza anthu kuti Che Alidi zinthu zawavuta. Anati madotolo amalankhula ngati munthu amadya yekha m'chipinda chokhoma, pomwe kuno mbale yako imaonedwa ndi mudzi wonse.

4.10 A Yona anati zonsezo ndi zifukwa chabe, lamulo ndi lamulo. Koma anapereka ganizo lakuti komiti itume anthu awiri kwa azakhali aja, atanyamula buku la kuchipatala la Mayi Alfazema, kukawatsimikizira kuti ndi shuga basi, osati zinazo.

4.11 Abiti Jafali anafunsa a Yona kuti "zinazo" ndi ziti. A Yona anati tonse tikudziwa. Abiti Jafali anati akudziwadi, chifukwa iwo amamwa mankhwala a shuga m'mawa ndi otalikitsa moyo madzulo, ndipo akhala akutero kuyambira mwana wawo wotsiriza ali kumsana. Anati, "Ndiye mukufuna tikagwade ku Chirimba kukanena kuti mnzathuyu ndi woyera, sali ngati Mwanakombo? Ana anga onse anakwatiwa, palibe anabwezedwa. Achimwene, matenda anga onse awiri ndi a Mulungu, palibe amene ndinakagula." Mlembi anaimika cholembera n'kufunsa ngati zimenezi zilembedwe. Anati zilembedwe, ndipo dzina lawo lisafupikitsidwe.

4.12 A Yona anapepesa ndipo anabweza ganizo lawo. Anati sanadziwe. Abiti Jafali anati n'chifukwa chake munthu amayamba wafunsa asanatsegule pakamwa, koma kupepesako analandira.

4.13 Wapampando anati amva zonse ndipo chisoni ali nacho, koma chisoni sichitsitsa shuga. Anati thupi limene a Alfazema akulisangalalirali n'lobwereka, chifukwa shuga akakwera kwambiri amalidyanso yekha, ndipo pamenepo kuonda kwake sikukhala kwa siketi yokha. Anafunsa kuti azakhali amene akuwakumbatira lerowo adzabwera kodi kudzawatembenuza pa bedi. Mayi Alfazema anayankha kuti zonsezo akuzidziwa, sakudya chifukwa cha umbuli. Anati, "Amayi, ndingopempha masiku atatu. Mwana wanga avale mphete, anthu andione ndili ndi thupi, ajambule zithunzi zawo. Lamulungu ndibwerera ku mgaiwa, ndalumbira." Wapampando anati shuga sanaitanidwe ku chinkhoswe ndipo tsiku lake sakulidziwa.

5. CHIGAMULO

5.1 Komiti inavota pokweza manja. Ofuna kuti Mayi Alfazema aimitsidwe: wapampando ndi a Yona. Okana: Che Alidi, Abiti Jafali ndi mlembi. Choncho Mayi Alfazema sanaimitsidwe.

5.2 Wapampando anapempha kuti zilembedwe kuti iwo sakugwirizana nazo, ndipo kuti komiti yachita chifundo chimene chidzatiliza. Zalembedwa.

5.3 Anagwirizana kuti lamulo loimitsa anthu likambidwenso pa msonkhano wa gulu lonse. Abiti Jafali anati n'zodabwitsa kuti timalanda mashini kwa munthu amene shuga wake wakwera, n'kuwapereka kwa amene ali bwino kale.

6. ZINA NDI ZINA

6.1 Che Alidi anakumbutsa kuti amene atenga mipando ya pagalaja azibweza m'kati, chifukwa iwiri inasowa.

6.2 Mayi Alfazema anathokoza komiti ndipo anaitanira onse ku chinkhoswe. Kenako anati ali ndi kapempho kakang'ono kwa azimayi. Anafunsa ngati wina ali ndi nsapato yakuda yotakasuka yoti abwereke Loweruka, ya kumanzere yokha, chifukwa imene anagulira chinkhoswe phazi limenelo silikulowanso.

6.3 Wapampando anafunsa kuti silikulowa chifukwa chiyani. Mayi Alfazema anati latupako pang'ono. Anati sabata yatha anaponda khala la pa mbaula ku ntchito, koma sanamve kanthu, anangodabwa ndi fungo la kupsa. Anati sipakupweteka ngakhale pang'ono, ndiye nkhawa palibe.

6.4 Wapampando, amene mwendo wawo wa kumanzere unadulidwa zaka ziwiri zapitazo chifukwa cha shuga yemweyu, anayang'ana phazi la Mayi Alfazema. Kenako anati nsapato za kumanzere ali nazo zambiri kunyumba, zakuda ndi zofiira, zina zosapondapo pansi, ndipo a Alfazema akhoza kukasankha imene aikonde. Anati, "Koma mukamasankha mudziwe, asisi, kuti nanenso sipamapweteka. Nanenso ndinayamba ndi kubwereka nsapato."

6.5 Wapampando anapempha Mayi Alfazema kuti avule sokosi. Iwo anakana, anati pali azibambo. Azibambo tinatembenukira ku khoma. Tinamva Abiti Jafali akuti, "Mayo ine, Jenifer!" ndipo tonse tinacheuka osauzidwa. Chala chachikulu chinali chitada, ndipo kufiira kunali kutafika pa kakolo. Mlembi sapitirira pamenepa.

6.6 Che Alidi sanadikire chigamulo cha komiti, anapita kukaliza minibasi yawo. Mayi Alfazema anati sangapite, chifukwa akakawagoneka ndiye kuti Loweruka lapita, ndipo chinkhoswe chikaimanso kachiwiri sichidzachitikanso. Wapampando anatenga ndodo zawo n'kuimirira, anati akwera nawo limodzi ndipo pa chitseko cha dotolo sachokapo. A Yona anavula jekete yawo n'kuyala pa mpando kuti phazi likhalepo. Mayi Alfazema anakwera akulira.

6.7 Galimoto isananyamuke, Mayi Alfazema anatulutsa mutu pa windo n'kupempha komiti kuti Zione asauzidwe kanthu mpaka Loweruka lidutse. Anati auzidwe kuti mayi ake apita kwa mlongo wawo ku Chigumula kukathandiza zophika. Pempholi silinakambidwe, chifukwa ena onse a komiti anali atakwera kale. Mlembi ndiye anatsala kulowetsa mipando ndi kutseka geti. Nambala ya Zione ili mu foni yake, ndipo pamene akulemba izi waitsegula kangapo koma sanaimbe.

7. MSONKHANO WOTSATIRA

Lachitatu, 10 Sepitembala 2025, malo omwewa, ngati wapampando avomereza. Tsikuli waliika mlembi yekha.

8. KUTSEKA

Msonkhano sunatsekedwe mwa dongosolo ndipo pemphero lotsekera silinachitike. Minibasi inatuluka pa geti 5 koloko itangokwana.

Mlembi: Eliot Namaona

Wapampando: sanasaine, adakali ku chipatala ndi wodwala