Chitsime Tinachitsukira Mlendo

Wokondedwa mwana wanga Nélida,

Imirira powerenga kalatayi, pakuti akukulembera ndi Bambo Eleuterio Chamba a ku Sachas, mwini mitengo ya koko mazana atatu, nkhumba imodzi ndi mano asanu ndi awiri, munthu amene anasiya sukulu kalasi yachinayi poopa kupitirira aphunzitsi. Chabwino, khala pansi.

Uli bwanji ku Murcia, kutsidya kwa nyanjako? Msana wonyamula mabokosi a mandimu uja unasiya kupweteka? Kuno tilipo. Amayi ako bondo likuwavutabe, koma pakamwa pali bwinobwino. Mwana wako Yadira waguluka dzino lakutsogolo, akuti akufuna kufanana nane. Zidzolo za m'miyendo zija zinauma chisiyireni kumusambitsa madzi a pachitsime.

Nkhani ndi ya chitsimecho. Sindikukhazikika, mwanawe. Kalatayi ndayiyamba katatu.

Ukukumbuka kuti paipi ya mafuta itaphulika kumtunda kwa munda, a kampani anabwera ndi mathirakitala, anapala dothi lakuda n'kuthira lofiira pamwamba. Boma linawalamula kuti azitibweretsera thanki ya madzi Lachinayi lililonse, mpaka oyang'anira zachilengedwe atayeza n'kunena kuti pansi payera. Payera pati? Ukalowetsa ndodo mikono iwiri pafupi ndi nthochi imatuluka yakuda bii. M'chitsime mumayandama utawaleza, fungo lake ngati m'galaja.

Mwezi watha unafika uthenga wakuti Lachiwiri kubwera mayi injiniya wa boma kudzatenga madzi okayeza. Amayi ako ukuwadziwa akamva za mlendo. Anasesa bwalo mpaka nkhuku zinasochera. Anapha tambala. Kenako anati mayi wophunzira, wochokera kulikulu ku Quito konse, sangasuzumire m'chitsime chonyansa chonchija ngati pano sipakhala anthu. Masiku awiri anali kuyengula mafuta ndi masaka, kutunga madzi onse mpaka pansi, kukwecha makoma ndi sopo ndi phulusa. Pofika Lachiwiri m'mawa munali mutalowa madzi atsopano, oyera ngati aubatizo.

Injiniyayo anabwera ndi bokosi la mabotolo, munthu wa kampani ali pambuyo atavala chisoti choyera. Ndinamuuza mayiyo kuti ayambe wadya. Anati lamulo silimulola kudya pakhomo pamene akuyeza. Ndinati lamulolo silinalawepo tambala wa kuno. Anaseka, koma sanadye.

Atasuzumira m'chitsime anafunsa ngati madzi amakhala chonchi masiku onse. Panali anthu, mwanawe, akundiyang'ana. Ndinayankha kuti kwa a Chamba uve sitiudziwa. Wachisoti uja anandigwira chanza ndi manja awiri. Pomwepo ndinazindikira kuti ndalakwitsa, chifukwa zaka zitatu zonsezi bamboyu sanandipatsepo ngakhale moni.

Dzana pepala la zotsatira linafika. Akuti madzi athu ali bwino monga mwa lamulo. Akuti popanda wodandaula polemba m'masiku khumi ndi asanu, fayilo itsekedwa ndipo thanki isiya kubwera. Choipa kwambiri n'chakuti chitsime chathu chinkaimira mabanja asanu ndi limodzi a mzere wathu uno.

Anselmo, mnansi wathu uja, anabwera kudzandifunsa kuti chitsime changa chinalapa liti, poti madzi a m'chake ngakhale nkhumba zimawanunkhiza n'kubwerera. Ndinati mwina chake sichipita kutchalitchi. Sanaseke. Anangoti mpongozi wake ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, n'kuvala chipewa chake. Lero m'mawa ndasuzumira, utawaleza wabwerera wonse.

Ndiye ndikukupempha. Iwe unamaliza sekondale, umadziwa mawu amene maofesi amawaopa. Ine ndikalemba amayamba kuseka asanafike pa dzina. Lemba kalata yopempha kuti adzayezenso, ndipo asatiuze tsiku. Unene poyera kuti chitsime chinatsukidwa asanabwere, apo ayi adzati nkhalamba zakonda thanki yaulere. Msuweni wako Maribel ajambula pepala lino pa foni yake n'kukutumizira lero lomwe. Yako uibweze momwemo, akaisindikiza kutauni, ine ndikaipereka ndekha pa basi yoyamba. Atsala masiku khumi ndi atatu. Thanki ikasiya, Yadira abwerera ku madzi aja, ndipo ndilibe ena oti ndimupatse.

Usandiimbire kuti undikalipire. Lemba kaye, kukalipa kudikire.

Mulungu akusunge ndi kukulimbitsa msana. Undiperekere moni kwa mwamuna wako Wilmer, umuuze kuti nsapato anatumiza zija n'zabwino, yakumanzere yokha ndiyo ili ndi maganizo ake. Moninso kwa azakhali ako a Rosaura. Yadira akuti ubwere ndi chidole chotseka maso.

Ndine bambo ako,
Eleuterio Chamba

Amayi ako andimva ndikuwerenga mokweza, ndipo aima pano atagwira tsache. Ndiye ndikonze malo amodzi amene ndinapeka. Iwo anangosesa ndi kupha tambala basi. Za chitsime anandikaniza katatu, ankati ndikutsuka umboni, ine n'kumati akazi sadziwa kulandira alendo a boma. Amene analowamo ndi sopo ndine. M'kalatamo ulembe dzina langa lonse. Anselmo ndikamuuza ndekha, ndikangomaliza kusaka nsapato yothawira.