Ndowa ya a Saulosi

Mkhumba, Phalombe

Okondedwa achimwene a Eneya,

Ndikhulupirira muli bwino ku Mzuzuko pamodzi ndi alamu. Ife kuno tikudzuka ndithu, kungoti mvula inadula chimanga chisanamasule. Alangizi akuti tibzale mbatata kudimba, koma chitsime chakudimbako chinauma. Tikudya kalongonda kamodzi patsiku, ndipo mbewu ija ndinapachika kudenga tinakazinga kale.

A Saulosi, bambo aja amapikula chimanga ku Mozambiki pa njinga, akhala akubwera pakhomo pano. Sabata yatha anasiya ndowa yodzaza chimanga pakhonde osatchula mtengo. Anangofunsa kuti amalume ake a Ethel, mwana wanga woyamba uja, amakhala kuti. Ndinawapatsa nambala yanu.

Mwini mbumba ndinu, achimwene, mawu ndi anu. Akaimba foni muwayankhe mmene mukuonera. Mwanayo sindinamuuze kanthu. Ali kalikiliki kukonzekera mayeso a Sitandade 8, akuti akufuna unamwino.

Koma musanawayankhe mudziwe kuti chimangacho sindinabweze. Ndinakagayitsa, ana anadya, Ethel yemwe anadya nawo. Ufa watsala pansi penipeni.

Ndine mlongo wanu,
Bernadette