Njinga ya Nadia Ndaiona ku Malombe

Knysna,
South Africa.

Achemwali anga a Abiba,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Chowe. Nanga mayi miyendo ija ikuwatani? Munandiuza kuti mafuta opaka aja anawathandiza, koma masiku ano zomva pafoni sindikuzikhulupirira kwenikweni, n'chifukwa chake ndafunsanso. Ine kuno ndili bwino, alihamudulillah, kungoti kachifuwa ka nyengo yozizira ino sikakundisiya.

Mudabwa kuti ndalemba kalata ngati makedzana mafoni alipo. Foni yanu imayenda m'manja ambiri, ndipo ndikatumiza mawu mumamvera pakhonde anthu ali pomwepo. Iyi ndapatsira a Bonface a thiransipoti, ndawauza kuti aipereke m'manja mwanu, osati kwa amuna anga, bambo a Nadia. Muiwerenge muli nokha.

Za kuno n'zomwe zija. Mvula ikugwa ndi mphepo yake, ndipo kachipinda kanga kakudontha pamene pali bedi penipeni. Mwini nyumba amangoti mawa, mawa. Ntchito ndikadali kwa azungu anga aja. Paja ndinakuuzani kuti tauni ino ili pamene mtsinje umathira m'nyanja yamchere, madzi amabwera n'kubwerera, kusiya matope m'mbali monse. Abwana ndi anzawo matenda awo ndi njinga. Anthu oti pakhomo pali magalimoto, koma likafika Loweruka amawasiya, n'kuvala timakabudula tothina tochititsa manyazi, n'kumakasaka misewu ya miyala ndi tinjira ta m'mbali mwa madzi kumene galimoto sililoledwa. Ife kwathu tikulirira phula, iwo akulithawa. Akabwerako matope onsewo amakhala anga.

Mukuikumbukira njinga yachikasu imene ndinatumiza chaka chatha? Ija ya mahandulo opindika ngati nyanga za nkhosa, ya matayala onenepa. Abwana anandipatsa atagula ina, ndipo ine ndinatumizira Nadia kuti azikwera popita kusekondale, poti mtunda uja mwana ankafika m'kalasi atatheratu. Sanaikwere ngakhale temu imodzi yathunthu. Bambo ake, a Jaffalie, anandiimbira kuti yabedwa pamsika pa boma. Mtima wanga unakana, ndiye ndinafunsa inu. Munati n'zoona, munawaona ndi maso anu akubwera wapansi thukuta lili kamukamu. Mawu anu ndi amene ananditseka pakamwa. Ndinalira, ndipo abwana sindinawauze, ndinachita manyazi.

Mwezi wathawu abwana ndi anzawo anakwera ndege ndi njinga zawo kubwera ku Malawi. Sindinawapatse nambala ya munthu aliyense kumudziko, ndinkaopa kuti afunsa za njinga ija. Atafika ku Mangochi anawoloka mlatho wa pa boma, n'kusiya phula, n'kutsata tinjira ta m'mbali mwa Shire kulowera ku Malombe. Anadutsa m'madimba, m'bango, pansi pa migwalangwa, pena kunyamula njinga paphewa, pena kuikweza m'bwato. Pachipewa chawo amamangirira kakamera kojambula chilichonse chimene akudutsa.

Lamlungu lapitali masana anandiitana kukhitchini nkhope ili mwee, akuti ali ndi chondionetsa pa TV. Ndinakhala pampando pafupi ndi adona. Poyamba ndinakondwa, achemwali. Kuona kwathu! Ana akuthamangira njinga akukuwa, amayi akuyanika nsomba za kambuzi pathandala, ng'ombe zitatseka njira. Misozi inalengeza. Kenaka kanjira kanakhota pamtengo wa mango, panaoneka kanyumba ka zidina ka chitseko chobiriwira. Pakhoma pake panatsamira njinga yachikasu.

Abwana anaimitsa chithunzi akuwomba m'manja ngati mwana. Akuti anaizindikira ali patali, anatsika, anapempha madzi akumwa. Pakhomopo panali mtsikana, wamng'ono kwa ine kutalitali. Kudzera mwa munthu amene ankawatsogolera njira, mtsikanayo anawauza kuti njingayo ndi ya amuna ake ochita geni ya kambuzi, ndipo inachokera ku Joni kwa achemwali awo, dzina lawo a Mwanamvua. Abwana anandidzudzula moseka kuti bwanji sindinawauze kuti mchimwene wanga ali ndi khanda, akanatenga kamphatso.

Achemwali, mayi athu anabereka akazi okhaokha. Mchimwene ameneyu ndamupeza liti ine? Ndinaseka nawo, ndinathokoza.

Ndinayesa kudzitonthoza kuti mwina wakuba uja ananamiza mkazi wake. Koma wakuba dzina langa analitenga kuti? Ndinawapempha kuti abwezere kanemayo m'mbuyo, ndinati ndikufuna ndione bwino kwathu. Pachingwe panayanikidwa jekete yabuluu, thumba lake lakumanzere losokedwa ndi ulusi wakuda. Ndinasoka ndine thumba limenelo ndisananyamuke. Pamenepo ndinakumbukira maulendo a bambo a Nadia okapikula kambuzi ku Malombe, amene kale anali opita m'mawa kubwera madzulo, koma pano amatha sabata, ati kumeneko kulibe netiweki. Munthuyu anasankha bwino, malo osafika galimoto, osadutsa munthu wa ku Chowe. Chimene sanadziwe n'chakuti padziko pano pali anthu okwera ndege kudzasaka tinjira totero.

Zikanathera pamenepo bwenzi ndikulimba mtima. Mitala si yachilendo kwathu, ngakhale mwambo wake ndi wakuti wamkulu amauzidwa, ankhoswe n'kukhala pansi. Mwamuna kunama, ndaona ambiri kuno akulira zomwezo. Chimene chandilasa ine ndi china.

Kumbuyo kwa mtsikanayo, pamphasa, panakhala mayi wina akupeta mpunga. Ataona azungu anatembenukira kukhoma n'kukokera mpango kumaso. Nkhope sindinaione. Koma anakhala atatambasula mwendo wakumanzere, monga amakhalira munthu amene bondo lake silipindika chigwereni mumtengo wa bwemba tili ana. Mpango unali wofiirira wa maluwa asiliva, ngati umene ndinakutumizirani pa Idi. Kumsana kwake kunali khanda, litafundidwa shawelo yoyera ya tiabakha tachikasu. Shawelo yotero munandipempha ndinu, munati ndi ya mwana wa mnzanu wa kumadrasa. Ndinazungulira mashopu tsiku langa lopuma kusankha yofewa, ine chitsiru.

Mwina ndikulakwa. Mipango imafanana, mashawelo amafanana, ndipo wovulala bondo si inu nokha. Ngati si inu mundikhululukire, mudzandinene mmene mungafunire. Abwana ananditumizira kanemayo pafoni, ndipo ndamuonera kambirimbiri ndikufunitsitsa kuti mayiyo akhale wina. Koma msana umenewo unandibereka ine mayi akapita kudimba. Ndimaudziwa.

Tsopano ndikukayika chilichonse. Mayi akudziwa? Amjomba a Atumani, alongo a mayi, amene ali ankhoswe athu, akudziwa? Nanga Nadia, amene masiku ano ndikamufunsa za bambo ake amayankha mothamanga n'kupereka foni kwa wina, mwamuphunzitsa kunamiza mayi ake? Pena ndimati mwina munkandimvera chisoni, munaopa kuti ndidwala ndi maganizo kuno kutali ndili ndekha. Pena ndimati ayi, munaopa kuti ndisiya ntchito n'kubwerera, zikwama za a Bonface n'kusiya kufika. Sindikudziwa kuti choona n'chiti, ndipo zonse ziwiri zikundiwawa.

Bambo a Nadia sindinawafunse kanthu. Tikuyankhulana monga kale, iwo kundiuza kuti kambuzi wavuta chaka chino, ine kumangovomera. Nkhani yawo ndidzaikamba ndekha pamaso pa ankhoswe ndikabwera mu Disembala, inshallah. Kaya banja lilipo kaya linatha kale ine osadziwa, zidzaoneka pamenepo. Panopa za iwo ndaziika pambali. Ndikufuna ndidziwe za inu.

Pempho langa ndi limodzi. Sukulu zikatsegulira Nadia akulowa Fomu 4, ndipo akuyendabe wapansi, kufika mochedwa, kubwezedwa pageti. Njinga ija ndi yake. Sindingatume munthu wina, chifukwa abwana akuti njira ya kumeneko ndi yosokoneza, wopanda womutsogolera amasochera m'bango. Inu mukuidziwa. Pitani mukaitenge. Mtsikanayo musakamukalipire, iye anauzidwa kuti ndine mlamu wake, mwinanso amandipempherera. Bambo a Nadia akakufunsani, muwauze kuti achemwali awo a ku Joni aitanitsa njinga yawo.

Musavutike kundilembera zambiri kapena kundilumbirira pafoni, malumbiro ndamva okwanira. A Bonface akamabwerera kuno adzadutsa pakhomo, ndawapempha kuti adzamujambule Nadia ali panjingayo. Akadzandionetsa chithunzi chimenecho ndidzadziwa kuti mchemwali ndikadali naye. Akadzabwera chimanjamanja, ndidzadziwanso.

Mundiperekere moni kwa mayi, muwauze kuti masokosi ofunda ali m'chikwama. Moni kwa azakhali a Zakia, kwa amjomba a Atumani, kwa alamu, ndi kwa ana anu Sadik ndi Safia. Nadia mumuuze kuti mayi ake sanamukwiyire, alimbikire sukulu. Khanda lija nalonso mukalipatse moni mukapita, lilibe mlandu. Shawelo likhale nayo, kunja kukuzizira.

Mulungu akusungeni.

Ndine mng'ono wanu wa bere limodzi,
Mwanamvua,
mayi a Nadia, osati achemwali a Jaffalie.