Nsapato Zothamangira za Tadala

Amayi, kodi mwaswera bwanji kumeneko?

Kuno tilipo. Mtedza wachita bwino chaka chino, koma fodya wa bambo a Tadala anapsa ndi dzuwa, ndiye nkhani imeneyo sitiitchula pakhomo. Mlongo wanga Yohane ali ndi mwana wina, wamwamuna, mphuno yake ndi yakwathu yomwe ija. Zidzukulu za mbuzi yanu yamawanga zikutiyambanitsabe ndi eni minda.

Koma chandigwiritsa cholembera ndi Tadala, uja munamusiya akuyamwa. Amayi, mwanayu amathamanga! Akamatsika phiri kupita kusukulu, galu wathu amamutsatira n'kubwerera panjira lilime lili panja. Aphunzitsi anamusankha kuti akapikisane, ndipo anati wopambana ku Boma adzapita ku Lilongwe. Chaka chonse mwanayu sanalote china.

Ndiye panafunika nsapato zothamangira. Kuno tonse timadziwa kuti zonyezimira zam'misika zambiri n'zafeki, zolimba ndi za kaunjika. Bambo ake anapita ku Madisi tsiku la msika n'kubwera ndi zafumbi, akuyenda modzigomera. "Izi ndiye orijino, mayi a Tadala, taonani mmene zakalambira." Kalanga ine! Pa mpikisano wa sukulu zoyandikana, chapansi cha nsapato yakumanja chinayasama ngati kukamwa kwa mlamba, n'kutsala pamsewu. Mwana anamaliza phazi lili pansi, chala chikuchucha magazi, n'kulowa m'gulu lopita ku Boma ali womaliza. Kumeneko n'kumene tinamva kuti ogulitsa ena amatenga zafeki zatsopano, kuzipaka dothi, n'kuziponya pamulu wa kaunjika. Anthu afika pokalambitsa nsapato dala, Amayi. Ndinangogwira pakamwa.

Msika wotsatira tinapita awiri, ine ndi Tadala. Wogulitsa wina anatikodola. "Amayi, bwerani kuno, belo ndatsegula lero lomwe!" Anatipatsa ina yooneka yovalidwa bwino, ndipo ine ndinakopeka nayo pomwepo. Tadala anagwada, kunja kwake sanakuyang'ane n'komwe. Anasolola kasiponji kamkati, n'kupisa dzanja mpaka kumapeto. Ananunkhiza. Anaipinda, n'kukanda msoko ndi chikhadabo. Kenako anati, "Achimwene, iyi kunja ndi gogo, mkati ndi khanda. Simunapondepo munthu muno. Guluu akununkhabe, ndipo ulusiwu ndi wongojambula."

Amayi inu! Ndinakuonani inuyo mutagwada pamsika womwewo, mukutembenuza chitenje, mukuti, "Chitenje amagula kuseri, kumaso n'kwa wogulitsa." Kapendekedwe ka mutu kanali kanu. Ngakhale kutsonya kuja munkatsonya mukagwira chinyengo, mwanayu anatsonya chimodzimodzi. Ine sindinamuuzepo zimenezi ayi. Nanga anazitenga kuti? Kodi munkamunong'oneza muli naye kumsana masiku aja?

Tadala anafukula mulu wonse mpaka anapeza zotuwa, zosapatsa chidwi, zingwe zake zosiyana mitundu. Mkati munali kadzenje ka chala chachikulu cha mwini wake woyamba, chidendene chitadyeka pang'ono mbali imodzi. "Izi zinathamangapo, ndipo sizinaphwasuke," anatero. Wogulitsa uja anangoseka n'kupukusa mutu.

Ku Boma ndinakaima pokhotera pomaliza. Anthu ankayang'ana nkhope za ana awo, ine maso anali kumapazi. Atsikana anatulukira pachitunda fumbi lili koboo, ndipo nsapato zotuwa zija zinali patsogolo, zonse ziwiri, zapansi zake zili gwa. Ndinalira poyera osachita manyazi. Nthungululu ndinaimba mpaka mawu anasasa. Tadala akupita ku Lilongwe, Amayi. Inu amene munakwera mapiri onsewa ndi mapazi ong'aluka, mdzukulu wanu akukathamanga mumzinda.

Bambo ake tsopano akuuza anthu kuti nzeru zimenezi n'zakwawo. Ndangowasiya, anachita kale manyazi okwanira.

Mwezi wa Novembala tikamadzalambula pamanda panu ndidzabwera naye, ndalonjeza. Ndamuuza kale kuti nsapatozo adzazivule, tidzaziike kumutu kwanu, tidzachotse kasiponji kaja kuti mudzazione kuseri nokha. Mukadzatsonya tidzamva.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati